Foni yanga ndi mahedifoni a waya patatha pafupifupi chaka m'madoko a Mangochi

Foni ya Android yotsika mtengo imene ndinagula pa Boma dzinja lapitali ikugwirabe ntchito bwino. Za kamera ndi malo osungira zinthu ena ananena kale. Ine ndikufuna ndiyankhe funso limene amayi anzanga ogula usipa amandifunsa kawirikawiri, loti kodi kukhala ndi foni pakhutu tsiku lonse sikungatidwalitse. Ndimapikula nsomba ku Makawa, ku Msaka ndi ku Malindi n'kumatumiza ku Limbe, ndiye kunenerera mtengo, kutumiza ndalama ndi kusaka galimoto, zonse n'zapafoni.

Wogulitsa anandiikira m'bokosi kasitika konyezimira koti ndimate kumbuyo kwa foni, akuti kamatchinga mafunde oipa otuluka m'foni. Ndinagulanso mahedifoni a waya. Pa ziwirizi, amene andithandiza ndi mahedifoniwo. Bungwe la FTC, loteteza ogula ku America, linachenjeza kale kuti palibe umboni woti tizomata totere timateteza munthu, ndipo kanthu kakatchingadi mafunde, foni imangowonjezera mphamvu kuti ifikire nsanja ya netiweki. Kanga kanamatuka kokha ndi thukuta la mu Okutobala, ndipo palibe chimene chinasintha, kaya pa kutentha kwa foni kaya pa netiweki.

Mafoni ambiri a Android ukaimba *#07# amaonetsa nambala ya SAR, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya mafunde a wailesi imene thupi limayamwa. Ku America malire ake ndi 1.6 W/kg (mawati pa kilogalamu ya thupi), ku Ulaya ndi 2 W/kg pamutu. Yanga ili pansi pa malire onsewa. Ndipo malirewa amawatsatadi: mu Seputembala 2023 dziko la France linaimitsa malonda a iPhone 12 atayeza n'kupeza 5.74 W/kg pamene foni ili m'manja kapena m'thumba la thalauza, pomwe malire a pamenepo ndi 4, mpaka Apple inakonza ndi pulogalamu yatsopano. Kuno kwathu MACRA ndiyo imavomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana. Zimene zimandidetsa nkhawa ndi timafoni tosadziwika kochokera, topanda ngakhale kabuku, chifukwa palibe angakuuze ngati tinayezedwa.

Chimene ndaona ndi maso anga miyezi yonseyi n'chakuti malo amene uli ndiwo amalamula. Nambala ya SAR ija amaiyeza foni ikutulutsa mphamvu zake zonse, koma nthawi zambiri siifika pamenepo. Pa Boma, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, timizere ta netiweki timadzaza, foni imakhala yozizira ndipo batire imafika madzulo. Kudoko kumene kumatsala kamzere kamodzi, kapena ukakwera boti kukachingamira asodzi, foni yomweyo imafunda m'manja ndipo batire imatha dzuwa lisanafike paliwombo. Imachita ngati msodzi woitana mnzake panyanja, bwato likatalikira ndiye amakweza mawu. Pamalo otero m'pamene imatulutsa mafunde ochuluka, ndipo m'pamene ine sindiigunditsa kukhutu. Ndimaiika pamwamba pa dengu, waya n'kufika kukhutu, pakuti mphamvu ya mafundewa imachepa msanga foni ikangotalikira pang'ono ndi thupi.

Khutu likatentha ambiri amati ndi mafundewo akuphika ubongo. Kutentha kochuluka kumachokera ku batire ndi makina a m'kati, kuphatikiza kuti foni yatseka khutu mphepo sikupita, ndiye muwonjezere dzuwa la Mangochi. Mafunde a foni si amodzi ndi a X-ray a kuchipatala. A foniwa alibe mphamvu yothyola zinthu za m'kati mwa maselo a thupi.

Nkhani ya khansa ndinaitsatira mofatsa, chifukwa ana anga nawo ayamba kugwira mafoni. Mu 2011 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika mafundewa m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Mu 2024 kunatuluka kauniuni amene WHO inapempha, wophatikiza kafukufuku 63, ndipo sanapeze kugwirizana pakati pa mafoni a m'manja ndi khansa ya muubongo, ngakhale kwa amene agwiritsa ntchito zaka 10 kapena kuposa. Zimenezi zinandikhazika mtima pansi. Komabe chizolowezi chathu amayi chosunga foni m'kamisolo pamodzi ndi ndalama sindigwirizana nacho. Kabuku ka foni yanga kamanena kuti pakhale kampata pakati pa foni ndi thupi, ndipo thukuta limawononganso polowetsa tchaja. Yanga imakhala m'kachikwama ka m'chiuno.

Mahedifoniwo ali ndi zofooka zake. Mchenga ndi mamba a usipa zimalowa m'kabowo kolowetsa waya, mawu n'kumadukaduka mpaka nditatokosamo ndi kamtengo ka machesi. Waya unayamba kusweka pafupi ndi pulagi mwezi wa Juni, nthawi ya mwera, ndipo ndinaukulunga ndi tepi. Ngakhale zili choncho, mphepo ikamawomba ndimamva bwino kuposa pa sipika, ndipo mtengo umene ndikukambirana sumveka kwa aliyense padoko. Akatheratu ndigula ena a waya omwewo. Ndikamayenda mumsewu ndimavala khutu limodzi lokha, kuti ndizimva njinga zamoto za kabaza zikamabwera kumbuyo.