Laputopu yabwino, koma Wi-Fi ya kunyumba inandidyera ndalama

Mlamu wanga akufunira mwana wake laputopu yopita nayo ku koleji, ndiye anandifunsa ngati angakagule komwe ndinagula yanga chaka chatha. Pa foni ndinalephera kumuyankha, chifukwa nkhani yake ndi yaitali.

Yanga ndi ya zija zogwiritsidwapo kale ntchito m'maofesi a ku America, zimene zimafika kuno zitapukutidwa bwino. Ndi Core i5 ya m'badwo wa 8, RAM yake 8GB, SSD ya 256GB. Ndinaigula K420,000 pa shopu ina ku Limbe, ndipo anandilonjeza kuti chikavuta chilichonse m'miyezi itatu yoyamba adzakonza ulele. Imayaka msanga. Kiyibodi yake ndi yofewa, ndimalemba malipoti mpaka usiku zala osawawa. Batire imafika maola atatu magetsi akazima, ndipo sinafookebe. Imalolanso Windows 11, zomwe zili zofunika tsopano popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025. Pa zimenezi ndilibe dandaulo.

Chimene chinandiwawa ndi Wi-Fi. Masabata oyamba inkalumikiza bwinobwino. Kenako tsiku lina ndikuyatsa, dzina la netiweki ya kunyumba kwathu palibe pa mndandanda. Osati kukana pasiwedi ayi, kusowa kwenikweni. Za anthu oyandikana nafe zonse zikuoneka, yathu yokha kulibe, pomwe rauta, kabokosi kogawa Wi-Fi m'nyumba, ili pa tebulo pomwepo, magetsi ake akuthwanima, mafoni a m'nyumba monse ali pa intaneti. Mawa lake mwina ibwera yokha. Ikhala sabata, kenako yasowanso. Ku ntchito sinavutepo n'kamodzi komwe. Ndikayatsa hotspot ya pa foni inkalowa msangamsanga, ndipo apa ndi pamene ndalama zinayambira kuchoka: tikulipira intaneti ya pamwezi ya pa rauta, ine ndikugulanso mabandulo a pa foni kuti ntchito isaime. Laputopu ikakhala pa hotspot imadya bandulo mosaumira, makamaka ikayamba kukoka ma update.

Ndinayesa zonse zimene anthu amalangiza. Ndinafufuta netiwekiyo kuti ndiilowetsenso. Ndinapanga Network reset. Ndinalowa mu Device Manager n'kuchotsa kachizindikiro kaja kololeza kompyuta kuzimitsa khadi ya Wi-Fi pofuna kusunga batire. Ndinaika ma driver atsopano, mapulogalamu oyendetsa khadiyo. Nthawi zina zinkaoneka ngati zatheka, koma kunali kungogwirizana kwa masiku.

Kwa wogulitsa ndinapitako isanathe miyezi itatu ija. Anailumikiza ku Wi-Fi ya pa shopu, inalowa nthawi yomweyo. "Achimwene, makinawa ali bwinobwino, mwina rauta yanu ndi imene yatopa." Ndinamuuza kuti mafoni onse akulowa. Anaikamo Windows mwatsopano, ulele, ndipo ndinathokoza. Vuto litabwerera, miyezi ija inali itatha, ndipo ntchito yomweyo anandilipiritsa K25,000. Litabwereranso anati khadi ya Wi-Fi ikufa, n'kundigulitsa ka USB kolandira Wi-Fi pa K30,000. Kameneka kankaiona netiweki yathu, koma kankafooka ndikangolowa kuchipinda, ndipo kanatseka malo amodzi mwa awiri olowetsera USB. Iye anati umenewo ndi umboni woti khadi yam'kati yatha, tiisinthe. Masiku amenewo ndinkafuna kungoigulitsa motchipa laputopuyo.

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata woona za makompyuta ku ntchito kwathu. Sanaitsegule n'komwe. Anangondifunsa kuti, "Bwana, imasowa nthawi yanji? Magetsi akazima n'kubweranso?" Nditakumbukira bwino, zinalidi choncho.

Kufotokoza kwake kunali kotere. Wi-Fi ya 2.4GHz, yomwe ndi yokhayo imene rauta yathu ili nayo, imayenda pa matchanelo. M'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito 1 mpaka 13, koma ku America zipangizo zimalekeza pa 11. Makhadi ena a Wi-Fi amene anakonzedwera msika wa kumeneko sayang'ana n'komwe pa 12 ndi 13. Rauta yathu inali pa Auto, kutanthauza kuti ikayaka imadzisankhira tchanelo chimene chilibe anthu ambiri. Ife timakhala pamalo pomwe nyumba zili zothinana, marauta ali mbwee, ndiye magetsi akabwera nthawi zina inkathawira ku 13. Mafoni athu amafikako, laputopu ayi. Magetsi akazimanso n'kubwera, rauta inkatha kugwera pa tchanelo china chotsika, netiweki n'kuonekanso ngati palibe chinachitika.

Kukonza kwake kunatenga mphindi zochepa, ndipo ndinagwiritsa ntchito foni. Pansi pa rauta pali kapepala kolembedwa adiresi yake, nthawi zambiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pamodzi ndi dzina ndi pasiwedi yolowera. Ndinalemba adiresiyo pa browser, ndinalowa pa Wi-Fi settings, ndinachotsa Auto n'kuika 6. Mnyamatayo anati ndisankhe pakati pa 1, 6 ndi 11 chifukwa atatuwa sasokonezana. Chichitireni zimenezo magetsi azimazima monga mwa masiku onse, koma netiweki sinasowenso.

Musathamangire kunena kuti vuto lanu ndi lomweli. Langa linali loti dzina la netiweki silikuoneka. Ngati dzina likuoneka koma ikukana kulowa, yambani ndi pasiwedi, kenako onani ngati rauta siili pa WPA3 yokha, njira yatsopano yotetezera Wi-Fi, chifukwa makhadi akale ambiri amadziwa njira yakale ya WPA2 basi. Ngati yalowa koma intaneti palibe, lembani ipconfig mu Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, kuti muone adiresi ya laputopu pa netiweki. Adiresiyo ikayamba ndi 169.254, zikusonyeza kuti rauta sinaipatse adiresi laputopuyo, ndipo kuzimitsa rauta n'kuyatsanso kumathandiza. Onaninso ngati bandulo ya pa rauta sinathe.

Mkwiyo wanga pa laputopuyi unatha tsiku lomwelo. Pa mtengo umene ndinagulira ndi makina olimba, ndipo mtundu womwewu ndikhoza kuugulanso mawa. Koma wogulitsayo sindinamukhululukire bwinobwino. Sindikuti anandinamiza dala pa za khadi, ndikukhulupirira kuti sankadziwa. Chondipweteka n'choti munthu amene ntchito yake ndi kugulitsa malaputopu ochokera ku America sanandifunse funso ngakhale limodzi la kunyumba kwanga, ndipo nthawi iliyonse yankho lake linkakhala chinthu cholipira. K55,000 inapita m'manja mwake pa makina osawonongeka, osawerengera mabandulo ndi thiransipoti ya ku Limbe. Amene akukagula kumeneko auze wogulitsa alembe lonjezo la miyezi itatu pa lisiti, ndipo alembenso kuti vuto limene lanenedwa nthawiyo isanathe lidzakonzedwa ulele ngakhale litabwerera pambuyo pake.

Ndinapitanso kukamufotokozera zimene zinapezeka. Anamvetsera, anajambula pa foni yake tsamba la matchanelo lija, n'kunena kuti pali makasitomala ena amene akudandaula zofanana. Ndinamupempha kuti alandire ka USB kaja andibwezere K30,000 yanga. Anati ndalama sabweza, koma ndikhoza kusankha mouse kapena chikwama cha laputopu. Za K25,000 ija anati inali ya ntchito ndipo ntchito anagwira. Ndinatenga chikwama, chomwe pa shelefu yake chinalembedwa K18,000.