Kukulitsa chipinda m'kampata ka m'mbali: pa mpanda, khoma lanulanu, kapena kungofolera?

Anzanga akhala akundifunsa funso limodzimodzi chikulitsireni pabalaza pathu: kampata kaja ka pakati pa nyumba ndi mpanda, komwe timasungako makala ndi ndowa zakale, tingakalowetse bwanji m'nyumba? Njira zimene amisiri amatchula ndi zitatu. Yoyamba ndi kugumula khoma la nyumba, mpanda n'kusanduka khoma la chipinda. Yachiwiri ndi kugumulanso khomalo, koma n'kumanga khoma latsopano pa maziko akeake, n'kusiya kanjira pakati pa khomalo ndi mpanda. Yachitatu simugumula kanthu, mumangofolera kampatako n'kuboola khomo.

Pa kukula kwa malo, yoyamba ndiyo imapambana, ndipo n'chifukwa chake imakopa anthu. Tinene kuti kampatako ndi ka mita 1.2 ndipo khoma lakale ndi la njerwa la masentimita 23. Mukamangira pa mpanda, chipinda chimakula ndi mita 1.4. Mukamanga khoma lanu la mabuloko a masentimita 15 n'kusiya kanjira ka masentimita 60, mumangopeza masentimita 68. Ine ndinasankha yachiwiriyi, ndipo ndimaiyamikirabe.

Chifukwa chake ndi madzi. Kampata kaja sikangokhala chabe: ndiko kumagwera madzi onse a mbali imeneyo ya denga, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Mukakatseka mpaka pa mpanda, madziwo apita kuti? Kuwathira kwa neba simungathe, pokhapokha ngati mukufuna mlandu chaka chilichonse. Ndiye mmisiri amabisa gutter pakati pa malata ndi mpanda. Mlamu wanga anam'mangira chomwechi. Gutter imeneyo simuiona muli pansi, masamba a mango amadzaza mwakachetechete, ndipo mvula yamphamvu ikagwa madzi amasefukira m'kati, osati kunja. Siling'i inadetsedwa, pulasitala anayamba kufufuma, kuseri kwa sofa kunamera chuku. Mmisiri amene anamutsimikizira kuti "sizidontha bwana" anali atalandira kale ndalama zake zonse. Zimandiwawabe, chifukwa banjalo linasunga ndalamazo movutikira, ndipo analipiranso wina kudzasasula malata.

Kuwonjezera apo, mpanda sunamangidwe kuti usenze denga. Kawirikawiri maziko ake ndi osaya, khoma lake ndi lopyapyala lodalira zipilala, ndipo pansi pake palibe pulasitiki yakuda ija yotchinga chinyezi. Chinyezi chimakwera kuchokera m'nthaka, ndipo mbali ya kunja simungaipake pulasitala kapena penti popanda kupempha kulowa kwa neba. Amene anali ku Blantyre pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene mipanda imagwera nthaka ikakhuta madzi. Khoma lotero sindingagonekeko mwana pafupi. Funsaninso kuti mpandawo ndi wa yani. Malo ambiri amene anaumanga ndi neba, kapena unadutsa pambali pa mabikoni.

Zenera nalonso limatha. Pa malire simungatsegule zenera loyang'ana pabwalo la anthu ena, ndiye chipinda chimakula koma chimada, ndipo mu Okutobala simukhalika.

Musaganize kuti njira yachiwiri ndi yotchipa. Apa ndi pamene ine zinandiluma. Mtengo umene mmisiri anandipatsa unali wa maziko, mabuloko, pulasitala ndi malata. Atayamba kukumba anapeza paipi ya suweji yochokera kubafa, ndi manhole yake (kadzenje ka chivindikiro koyang'anira mapaipi), pamzere weniweni wa maziko. Mapaipi amakonda kudutsa m'timipata totere, ndipo iye monga mmisiri ankadziwa zimenezo asanatchule mtengo. Kusuntha paipi si kungoikankhira pambali. Iyenera kutsetsereka bwino mpaka kukafika ku dzenje, apo ayi zonyansa zimabwerera, choncho panafunika pulambala ndi manhole yatsopano. Kenaka anatulutsa nkhani ya bimu. Khoma limene mukugumulalo ndi limene lasenza matabwa a denga, ndiye m'malo mwake pamafunika bimu ya konkire yokhala ndi zitsulo, yokhazikika pa zipilala mbali zonse ziwiri, ndipo denga liyenera kuchirikizidwa mpaka konkireyo ilimbe. Konkire imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28, pomwe amisiri othamangira ntchito ina amafuna kuchotsa zochirikiza mlungu usanathe. Zonsezi zinabwera ngati "zowonjezera", nyumba ili kale yotsegula mbali imodzi, nthawi imene munthu sungakanenso. Bimu imeneyi imafunikanso pa njira yoyamba, ndiye amene akukuuzani kuti pa mpanda mpotchipa mufunseni ngati waiwerengera.

Yang'ananinso kutsetsereka kwa denga. Mukalipitiriza mmene lilili, kumapeto kwake kumatsika mpaka munthu wamtali kuwerama. Mukaligoneka kuti mupeze msinkhu, madzi amabwerera molumikizana malata.

Njira yachitatu ilibe zambiri. Sikulitsa chipinda, koma imachotsamo katundu: wadiropu, firiji kapena matumba a chimanga zikapita m'kasitolo, malo amaoneka okha. Bimu yaikulu siifunika, kalintala (kabimu kakang'ono ka pamwamba pa khomo) n'kokwanira. Ingoonetsetsani kuti pansi mwasiya ngalande.

Kumbali ya malamulo, m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba kuwonjezera nyumba kumafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, ndipo kumanga mpaka pa malire ndi kumene kumavuta kwambiri kuloledwa.

Kwa ine, kampata kosakwana mita imodzi musakagumulire khoma, ingofolerani. Kakapitirira pamenepo mangani khoma lanu, musiye kanjira koti munthu n'kudutsa ndi tsache, mukathire simenti motsetsereka kuti madzi azituluka. Ndipo musanapereke ndalama yoyamba, yendani ndi mmisiriyo m'kampatako, atsegule manhole iliyonse, alembe bimu, zipilala, mapaipi ndi gutter pa pepala limodzi ndi mtengo wake.