Emberek a havason pa DVD: filimu ndi yamphamvu, koma mawu a pansi akuvuta kuwerenga

Ndinaitanitsa DVD imeneyi pa intaneti ndipo ndalama yanga sinapite pachabe. Ndi filimu ya ku Hungary ya mu 1942, yoyamba yaitali imene István Szőts anapanga kuchokera m'nkhani za József Nyirő, ndipo chaka chomwecho inapata mphoto pa chionetsero cha mafilimu cha ku Venice, ku Italy. Anaijambulira kumapiri a Transylvania, dera limene lero lili m'dziko la Romania.

Nkhani yake ndi ya Gergely Csutak, bambo wodula mitengo amene akukhala m'nkhalango ndi mkazi wake Anna komanso kamwana kawo. Kampani ya matabwa itafika, eni nkhalango akusanduka aganyu pakhomo pawo pomwe. Bwana wa kampaniyo akufuna kugwirira Anna, mayiyo akuvulala pothawa, kenako matenda akumugwira. Mwamuna wake akumutengera kwa dokotala mumzinda wa Kolozsvár, koma akukamwalirira komweko.

Apa ndiye pagona filimu yonse. Gergely alibe ndalama yonyamulira maliro, choncho akukweza mkazi wake m'sitima ngati munthu wodwala chabe, n'kumukhazika pampando pambali pake. Apaulendo anzake azindikira zimene zachitika, koma palibe akuulula. Onse angoti chete, kumubisira mnzawo wosauka. János Görbe, yemwe akusewera Gergely, sakulira mokuwa ayi, chisoni chonse chili pankhope ndi m'manja momwe wagwirira mtembowo. Amene munasonkhapo ndalama yotumizira maliro kumudzi, gawo limeneli likukhudzani kwambiri. Ine misozi inalengeza.

Zithunzi ndi zakuda ndi zoyera, koma zikuoneka bwino zedi, makamaka nkhungu ndi mitengo italiitali ija.

Dandaulo langa lili pa mawu a Chingerezi olembedwa pansi. Anawalemba oyera, ndiye pamene chithunzi chadzaza chipale chofewa amasoweratu, mpaka ndimachita kubweza m'mbuyo kuti ndimve zimene anthu akukambirana. Mawu a osewera nawonso amamveka ndi kaphokoso pena ndi pena, koma izi ndazikhululukira poona zaka za filimuyi.

Gulani ndithu ngati mumakonda nkhani zoyenda pang'onopang'ono. Ana aang'ono asaonere nawo, chifukwa Gergely akukabwezera bwana uja ndi nkhwangwa.