Mitsuko iwiri imene ndinagula kwa agogo oumba mbiya kufupi ndi Ngabu

Papita miyezi 8 chigulireni mitsuko iwiri ya dongo kwa mayi wina wachikulire amene amaumba mbiya m'mudzi wina wa kufupi ndi Ngabu, m'boma la Chikwawa. Ndinadikira dala kuti chilimwe chidutse ndisanalembe ndemangayi, chifukwa kuno ku Chigwa cha Shire ubwino wa mtsuko umadziwika mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo madzi a m'ndowa ya pulasitiki amafunda ngati anaterekedwa pamoto.

Mtsuko waukulu umalowa malita pafupifupi 20. Ndinauika pakona pamene pamadutsa kamphepo, pamwamba pa mchenga wonyowa monga agogowo anandilangizira, ndipo ngakhale masana dzuwa lili paliwombo, madzi ake amatsika kukhosi ali ozizira, ndi kafungo ka dothi kamene kamandikumbutsa kwa amayi anga. Dongo lowotcha limakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi ochepa amatulukira mmenemo, ndipo akamauma ndi mphepo amachoka ndi kutentha kwa mkatimo. N'chifukwa chake mtsuko wabwino umachita thukuta kunja kwake, ndipo wogula asafulumire kunena kuti ukudontha. Pa masiku amene magetsi anali kuzimazima, anansi athu amene ali ndi firiji ankatuma ana kudzapempha madzi akumwa kwathu.

Mtsuko waung'ono ndiwo unali ndi vuto. Patangotha sabata imodzi ndinaona kuti pansi pake pakuchita chithaphwi, ndipo madzi ankatsika ndithu usiku umodzi wokha. Ndinaukulunga m'udzu, n'kuumangirira pa njinga ya kabaza, n'kubwerera nawo kumudzi kuja mtima uli m'mwamba, poganiza kuti tikakangana. Agogowo anaulandira ndi manja awiri, anaugogoda ndi chala mbali zonse khutu lili pafupi, ndipo atafika pamene panamveka mawu ogontha anaima.

"Mwanangu, uwu sunapse bwino mbali iyi," anatero. "Anaumba ndi mdzukulu wangayu, ndipo ine ndinalakwa kuulola kuti uchoke pakhomo pano."

Anaitana mtsikanayo, wa zaka ngati 15, osati kuti amukalipire, koma kuti nayenso agogode ndi kumva kusiyana kwa mawu a mtsuko wakupsa ndi wosapsa. Kenaka anandipatsa wina wosalipira, ndipo wodonthawo anati auphwanya, asinje mapale ake, n'kuwasakaniza ndi dongo latsopano kuti mbiya zotsatira zisamang'aluke pamoto. Mtsuko umene anandisinthira uja sunavutepo mpaka lero.

Tsiku limenelo ndinakhalitsa, ndipo zimene ndinaona zinandivutitsa mumtima chifukwa cha mmene ndinanenerera mtengo pogula. Agogowo anatchula ndalama yofanana ndi mtengo wa mapaketi awiri a shuga pa mtsuko waukulu, koma ine ndinalimbikira kuti atsitse mpaka anavomera. Sindinkadziwa kuti dongo amakakumba kutali n'kusenza pamutu, ndipo malo amene ankakumbapo kale anakwiririka ndi mchenga pa madzi osefukira a namondwe Freddy mu Malichi 2023, kotero tsopano ulendowo unatalika. Dongolo amalinyika, amalikanda, amachotsa timiyala ndi mizu kamodzikamodzi, kenaka amamanga mtsukowo ndi manja okha, chitsononkho chikusalaza kunja, kamwala kosalala kakukulungiza. Umauma pamthunzi kwa masiku angapo, pakuti dzuwa la kuno lingaung'ambe, ndipo nkhuni zowotchera masiku ano n'zogula. Pa mbiya zolowa pamoto, zina zimasweka momwemo. Ndisanachoke ndinawonjezera ndalama imene ndinawadula ija, ndipo ndikupempha aliyense wopita kumeneko kuti alipire mtengo umene watchulidwa, chifukwa ndi wotsika kale.

Nkhani ya mdzukuluyo ndiyo yandichititsa kulemba motalika chonchi. Pamene David Livingstone ankakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja a m'chigwa muno akulima thonje, kupota ulusi, kuwomba nsalu ndi kusula makasu. Thonje tikulimabe, koma ine sindinaonepo ndi maso anga munthu wowomba nsalu pamanja m'midzi yathu, pakuti nsalu za m'mafakitale zitabwera, ana analibenso chifukwa chokhalira pambali pa makolo awo kuti aphunzire. Agogowo anandiuza kuti m'mudzi mwawo munali amayi ambiri oumba, koma tsopano atsala owerengeka, ndipo mtsikanayo amaphunzira akaweruka kusukulu chifukwa amaona kuti ndalama ya mbiya imamugulira makope ndi sopo. Ndalamayo ikasiya kuoneka, iyenso adzasiya, ndipo sindingamuimbe mlandu.

Pali zina zimene wogula ayenera kudziwiratu. Mijigo yambiri ya kuno ili ndi madzi a mchere, ndipo mcherewo umasiya zoyera kunja kwa mtsuko zimene zimatseka timabowo tija; ine ndimaukwecha ndi chitsononkho ndi madzi okha kamodzi pa sabata, osagwiritsa ntchito sopo, chifukwa fungo lake limalowerera m'dongo. Mitsukoyi ilibe zivundikiro, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti pakuperewera. Chichitikireni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, sitingasiye madzi akumwa pamtunda, choncho timavundikira ndi mbale, timathira mankhwala a kolorini, ndipo potunga timagwiritsa ntchito kapu imodzi yokhala ndi chogwirira. Ndinawauza agogowo za chivundikiro, ndipo anati n'chinthu chimene mdzukulu wawo angayambirepo kuumba yekha. Komanso iwo alibe foni, ndipo sapita kumsika sabata iliyonse, kotero wofuna mtsuko amafika pakhomo ndi ndalama m'manja, atakonzeratu udzu kapena masamba a nthochi otchinjirizira katunduyo pa msewu wa mabampu.

Kwa ine mtsuko waukulu wagwira ntchito yoposa ndalama imene ndinapereka, ndipo vuto la waung'ono linakonzedwa mwaulemu umene sindinaupezepo m'sitolo. Ndasiya kale oda ya nkhali yophikira nyemba ndi mphika wa nsomba, pamodzi ndi zivundikiro ziwiri, ndipo ndinapempha kuti mphikawo aumbe mtsikanayo, agogo ake akungoyang'anira. Anati m'dzinja saumba chifukwa dongo siliuma bwino ndipo nkhuni zimakhala zonyowa, choncho ndidzakatenge mu Meyi mvula ikatha.