Galaja ya ku Luwinga komwe anyamata saopa bwana wawo

Ndimayendetsa Sienta pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay, ndiye nkhani ya mabuleki kwa ine si yamasewera. Amene anatsikapo msewu wa M5 mvula ikugwa, chifunga chitatseka, akudziwa mmene makona aja amadyera mapadi. Anzanga a pa siteji akhala akundifunsa komwe ndikukonzetsa galimoto masiku ano, ndiye ndati ndilembe pano. Ndi galaja ina ku Luwinga, mumapatuka pa M1 musanafike ku Mzuni. Chikwangwani chake chinasuluka kalekale, mumaizindikira ndi mulu wa matayala pa geti.

Ntchito yawo ndi yabwino. Anandisinthira mapadi, ma shock akutsogolo ndi mabushi, ndipo kugogoda kuja kunatheratu. Amalemba mtengo wa sipeya pawokha, wa ntchito pawokha, zakale zomwe achotsa n'kukubwezerani mu jumbo. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 sipeya anakwera koopsa, ndipo m'malo ena amakuikirani chakale n'kukulipiritsani mtengo wa chatsopano. Apa mwini wake amakuuzani poyera: ichi n'chatsopano chochokera ku Dar es Salaam, ichi tachotsa pa galimoto ina, sankhani nokha.

Koma chomwe chandichititsa kulemba ndi mmene bambo ameneyu amakhalira ndi anyamata ake. Tsiku lomwe ankandisinthira mapaipi a mabuleki, mnyamata wina wamng'ono ananena kuti wamaliza. Abwanawo analowa m'galimoto, kuponda buleki, n'kukhala chete pang'ono. Ine ndinkadikira kutukwana, chifukwa m'magalaja ambiri apa ndi pamene amayamba kutchula makolo a munthu kasitomala akumva. Iwo anangomukodola.

"Achimwene, tapondani apa. Mukumva bwanji?"

"Ikumira, bwana."

"Ndiye mwatsala chiyani m'katimo?"

"Mpweya."

"Lowani pansi mukauchotse, ine ndizikuponderani."

Munthu wa imvi, mwini galaja, anakhala pa mpando wa dalaivala n'kumamvera mwana amene ali pansi pa galimoto akufuula kuti "Pondani! Gwirani! Siyani!" Atamaliza anabwera kwa ine n'kunena kuti pepani, takuchedwetsani ndife. Sanaloze chala munthu.

Wina anganene kuti kumeneko n'kulekerera. Ine amene ndimanyamula miyoyo ya anthu ndikuti ayi. Makaniko woopa bwana wake amabisa. Akathyola bawuti amaimata ndi girizi kuti asadulidwe malipiro, inu n'kudzazindikira muli pa mtsetse, m'galimoto muli mayi ndi khanda kumbuyo. Pa galaja iyi ndamuonapo mnyamata akupita yekha kwa abwana, bawuti yothyoka ili m'manja, kukanena. N'chifukwa chake ndimasiya makiyi osadandaula ngakhale eni ake atapita m'tauni kukagula sipeya.

Pamakhalanso ana a sukulu ochokera ku Mzuzu Technical College odzaphunzira ntchito. TEVETA yakhala ikuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, koma tonse tikudziwa kuti mwana akhoza kutha miyezi pa galaja akungosesa, kutsuka masipanala ndi kutumidwa tchipisi. Kuno ayi. Ndinapeza mtsikana wina wa ovolosi yabuluu atapatsidwa giyabokosi kuti aimasule yekha, tizitsulo tonse atatindandalika pa katoni motsatana ndi mmene watichotsera, abwanawo akungodutsa n'kusuzumira. Anyamata amene sanapite patali ndi sukulu amawakakamiza kukalemba mayeso a ntchito zamanja kuti apeze satifiketi, amvekere luso lopanda pepala limakusiya pa galaja ya munthu mpaka kukalamba.

Chinanso n'chakuti sawagwira miyendo. Magetsi a galimoto yanga atavuta anandiuza kuti pitani ku Chibavi, kuli mwana wanga, pa mawaya amandiposa. Nditafika, "mwana" uja ndi bambo wa banja lake, ali ndi kagalaja kake ndi anyamata awiri. Iye ndi amene anandiuza kuti jeke ndi bokosi la masipanala zomwe anayambira anamupatsa ndi abwana aja tsiku lotsanzikana. Ndi mabwana angati mu Mzuzu muno amene angatumize kasitomala kwa munthu amene anawachokera? Ambiri amamuyesa mdani, moni amatha.

Masana nsima amadyera pamodzi, ya usipa kapena nyemba, bwana ndi anyamata mbale imodzi. Faifi koloko ikakwana amatseka. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, koma m'magalaja ndani amawerenga? Apa mnyamata wina anandiuza kuti akatsalira madzulo amalandira yapadera, ndipo malipiro sadumpha tsiku.

Zodandaula zilipo, sindibisa. Amachedwa. Ntchito yomwe kwina amaithamangitsa maola awiri, kuno ikhoza kudya theka la tsiku, chifukwa wophunzira ndiye amayamba, wamkulu n'kubwereza kuona. Kwa ife amene galimoto ikaima ndiye kuti kunyumba sikuphikidwa, zimapweteka, ndipo kutseka faifi kuja kumatipweteka kawiri. Podikirira palibe, ndi benchi imodzi pansi pa malata, ndipo ndi mvula ya ku Mzuzu bwalo lonse limasanduka matope. Kompyuta yoyezera injini alibe, akaona kuti vuto likufuna makina amakuuzani msanga kuti mupite kwina. Mtengo wa ntchito ndi wokwererako pang'ono kuyerekeza ndi amakaniko a pansi pa mtengo, ndipo sachotsera kwambiri ngakhale muchonderere.

Ngati vuto lanu ndi mabuleki, miyendo ya galimoto kapena giyabokosi, pitani. Fikani eyiti isanakwane kuti mukhale oyamba pa mzere, valani nsapato zoti zide, ndipo ndalama amalandira pa Airtel Money kapena Mpamba ngati mulibe m'thumba. Lamlungu sagwira ntchito.