Xender, Quick Share, Telegram kapena flash yomwe ija? Za kusamutsa mafayilo akuluakulu kuno ku Mzuzu

Loweruka lapitali ndinali ku chinkhoswe ku Chibavi ndi kamera yanga, pofika madzulo memori inali ndi mavidiyo a 41GB. Tikupakira zinthu, mayi ake a mtsikana anandikokera pambali nkuti "achimwene, mungotiponyera zonsezo pa WhatsApp usiku uno, achibale aku Joni akudikira." Ndinangoti chabwino mayi, koma mumtima ndikudziwa kuti sizitheka. Ndiye poti funso limeneli ndimafunsidwa pafupifupi sabata iliyonse, ena ku Mzuni ndi mavidiyo a maphunziro, ena a kwaya ndi nyimbo zawo, ndati ndilembe zomwe ndaziona ndekha pa njira zonsezi.

Musanasankhe app iliyonse dzifunseni kaye kuti munthu mukufuna kumupatsa fayiloyo ali kuti. Ngati mungathe kukumana naye, kaya pa Katoto kaya pa depoti, musawononge bandulo ngakhale 1MB. Intaneti ndi ya munthu amene simungamufikire basi.

Tiyambe ndi wapafupi. Bluetooth isiyeni ikhale ya ma earphone ndi sipika. Liwiro lake likakwera kwambiri ndi cha mma 2Mbps, ndiye 1GB yokha imadya ola ndi kupitirira, batire nkutha fayilo isanafike. Nyimbo imodzi kapena chithunzi bho, kupitirira apo ayi.

Mpikisano weniweni uli pakati pa Xender, SHAREit ndi Quick Share. Awiri oyambawo amagwira ntchito mofanana, foni imodzi imatsegula hotspot ina nkulumikiza, fayilo imadutsa pa Wi-Fi ya pakati pa mafoni awiriwo osakhudza netiweki ya Airtel kapena TNM. Nchifukwa chake zimatheka ngakhale mulibe simu mufoni. Vidiyo ya 2GB pa mafoni abwinobwino ndi nkhani ya mphindi zochepa. Chomwe chimandinyasa ine ndi ma advert, makamaka SHAREit, ukangoitsegula data ili on imayamba kukuonetsa timavidiyo ndi ma game omwe sunawapemphe, ndiye munthu umadabwa kuti paja amati sizidya data, nanga bandulo yapita kuti. Sikutumizako kwadya, ndi ma advert. Zimitsani mobile data musanatsegule. Ma app awiri onsewa anali pa mndandanda wa omwe boma la India linaletsa mu June 2020, kuno kwathu akuyendabe, ndipo Xender ndi amene ali mufoni ya pafupifupi aliyense, ubwino wake waukulu ndi umenewo. Ukakumana ndi munthu pa msika sufunika kumuphunzitsa, amangoti "tsegula ndisikane."

Quick Share anthu ambiri ali nayo koma sadziwa. Ndi ija inkatchedwa Nearby Share, Google anaitulutsa mu 2020, kenako mu January 2024 anaiphatikiza ndi ya Samsung nkutenga dzina limeneli. Simuchita kuidawuniloda, ili kale mu Android, mukadina share pa fayilo muiona pamenepo, kaya ndi Tecno, Itel, Infinix kaya Samsung, bola foniyo ikhale ndi zinthu za Google. Imagwiritsa Bluetooth pofufuza foni inayo kenako fayilo imadutsa pa Wi-Fi. Mulibe advert ngakhale imodzi. Ilinso ndi pulogalamu ya pa Windows ndiye kuchoka pa foni kupita pa laputopu zimayenda. Vuto lake ndi loti nthawi zina mafoni amakana kuonana, umakhala ukudikira dzina la mnzako litulukire pomwe iye ali pambali pako, kawirikawiri chimakhala choti sikirini yake yazima kapena anaika kuti azioneka kwa ma contact ake okha. Asinthe aike everyone, zitheka. Ine ngati mafoni onse ndi a Android ndimayamba ndi Quick Share, ikachita matama ndi pomwe ndimapita kwa Xender.

Kanthu kena kakang'ono, Wi-Fi ili ndi 2.4GHz ndi 5GHz. Pamalo podzaza anthu ngati ma hostel aku Luwinga aliyense ali ndi hotspot yake pa 2.4GHz, liwiro limatsika. Ngati mafoni onse awiri amatha 5GHz sankhani imeneyo ndipo ayandikitseni, muona kusiyana.

A iPhone ali ndi AirDrop yawo, yachangu zedi, koma Tecno yanuyo siidziwa. Apa mpamene ndinadziwira LocalSend, ka app kaulere kopanda ma advert komwe kamayenda pa Android, iPhone, Windows, Mac ndi Linux momwe. Chofunika nchoti zida zonse zikhale pa Wi-Fi imodzi, olo hotspot ya foni yopanda data imakwana. Vuto ndi loti mnzakoyo amakhala alibe, ndiye muyambe mwadawuniloda kaye.

Koma kunena zoona, fayilo ikadutsa 10GB ine za mumlengalengazi ndimazisiya, ndimatenga kebo kapena flash. Wi-Fi ya foni ikaduka pa 90% umalira, chikhalirecho foni imatentha ngati mbaula. Kebo siimva za mvula kapena za anthu angati ali pafupi. Muziyang'ana pobayira pa laputopu, USB 3.0 nthawi zambiri imakhala ya buluu mkati ndipo papepala imafika 5Gbps pomwe USB 2.0 imathera pa 480Mbps. Flash yakenso ikhale ya 3.0, mukabaya ya 2.0 pa buluu palibe chosintha. Pa foni pali ka OTG kotchipa kaja, mbali ina Type-C mbali ina pobaya flash, mafoni ena amafuna uyatse kaye OTG mu settings apo ayi amangokhala ngati sunabaye kanthu.

Flash nayo ili ndi minga yake, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndinapsa kangapo. Choyamba ndi FAT32, imodzi mwa njira zomwe flash imafomatidwira kuti izisunga mafayilo. Tsiku lina ndikukopera vidiyo ya ukwati ya 6GB pa flash ya 32GB yopanda kanthu, kompyuta nkundiuza kuti fayilo ndi yaikulu kwambiri. Ndinayesa katatu, mpaka ndinaganiza kuti flash yafa. Nkhani ndi yoti ma flash ambiri ang'onoang'ono amabwera ndi FAT32, ndipo FAT32 siilola fayilo imodzi yopitirira 4GB olo malo atsale ochuluka bwanji. Mankhwala ake ndi kuifomata kukhala exFAT, imene Windows ndi Mac zonse zimawerenga nkulembapo. Chotsanimo kaye zinthu zanu chifukwa kufomata kumasesa zonse. Koma chenjerani, ma TV ena akale ndi mawailesi a mugalimoto amangodziwa FAT32, ndiye ngati flash ikupita kwa agogo kukaonera pa TV kuli bwino kudula vidiyoyo zidutswa zosafika 4GB nkuisiya pa FAT32 pomwepo.

Chachiwiri ndi ma flash abodza. Ndinagulapo ina mutauni momwemu kwa mnyamata wina woyenda nazo mmanja, yolembedwa 128GB, mtengo wake ngati wa 16GB, ine nkumati ndatola. Kompyuta nayo imaonetsa 128GB. Ndinakoperamo ntchito ya kasitomala yonse, zonse zikuoneka kuti zalowa, mawa lake mavidiyo oyambirira okha ndi amene ankatseguka, ena onse mayina alipo koma mkati mulibe kanthu. Amachita kuinamiza kuti izinena kukula komwe ilibe. Kuyambira pamenepo flash kapena memori yatsopano ndimaiyesa kaye ndi H2testw, kapulogalamu kaulere ka pa Windows komwe kamaidzaza yonse nkuwerenganso kuti kaone ngati zomwe kalemba zilipodi. Imatenga nthawi, koma bola kudikira kusiyana ndi kukafotokozera mkwatibwi kuti ukwati wake wasowa.

Chachitatu mukuchidziwa nonse, vairasi ya shortcut. Ukangobaya flash pa kompyuta ya kobanitsa nyimbo kapena kopulintitsa, pobwera mafoda onse asanduka ma shortcut. Mafayilo amakhala alipo, angobisidwa, osafomata mwaphuma ndipo osadina ma shortcut aja. Ine ndili ndi flash imodzi yoyenda nayo mmalo oterowo, ina ya ntchito siituluka mchikwama.

Tsopano wakutali, ngati achibale aku Joni aja. WhatsApp kuyambira 2022 imalola fayilo mpaka 2GB, koma muitumize ngati document. Mukaitumiza ngati vidiyo wamba kuchokera mu gallery imaifinya, nkhope za anthu nkumaoneka ngati zapakidwa phala. Ubwino wa WhatsApp ndi woti aliyense ali nayo mpaka azakhali akumudzi ku Ekwendeni, simufunika kufotokoza kanthu. Kuipa kwake, munthu akachedwa kwambiri kudawuniloda kapena wasintha foni amakuuzani kuti tumizaninso, inu nkuyambiranso.

Telegram nayo malire ake ndi 2GB pa fayilo, 4GB kwa olipira Premium, koma imasunga fayiloyo pa ma server ake. Ukakweza kamodzi basi, mwezi wamawa wina akaifuna umangochita forward, komanso ukhoza kuitsegula pa laputopu ndi pa foni pomwe. Pa netiweki yodukaduka ndaona kuti imapirira, ikaduka imapitiriza pomwe inasiyira. Pa ziwirizi ine ndimakonda Telegram, kungoti theka la makasitomala anga alibe, ndipo kuuza bambo wachikulire kuti aike app yatsopano chifukwa cha vidiyo imodzi ndi ntchito ina payokha.

Google Drive ndi ya fayilo yoposa 2GB kapena foda yonse. Amapereka 15GB yaulere, koma 15GB imeneyo mumagawana ndi Gmail ndi Google Photos, ikadzaza ma email amasiya kulowa, ena amadzazindikira atasemphana ndi email yowaitana ku intavyu. Mukamatumiza link musaiwale kuika kuti aliyense amene ali ndi link atsegule, apo ayi mudzuka ndi mauthenga khumi opempha chilolezo. WeTransfer, webusaiti yotumizira mafayilo, ndi yosavuta kwa wolandira, amangodina link, koma link yake imafa pakapita masiku ochepa, kwa anthu athu odikira malipiro kuti agule bandulo sizithandiza. Email musaiwerengere, Gmail imathera pa 25MB.

Chomwe anthu saganizira nchoti pa njira za intanetizi data imadyedwa kawiri, inu pokweza 3GB, mnzanu potsitsa 3GB ina. Komanso kukweza kumachedwa kuposa kutsitsa. Tiwerengere limodzi, Mbps si MB, mumagawa ndi 8. Tinene kuti upload yanu ikuyenda pa 4Mbps, ndiye kuti theka la MB pa sekondi. 41GB yanga ija pa liwiro limenelo ndi maola pafupifupi 23, magetsi asazime, netiweki isagwe, foni isatenthe. Pomwe flash mu envulopu pa basi ya mmawa imafika ku Lilongwe tsiku lomwelo, ku Karonga nkosachita kunena. Anthu amaseka ndikanena izi koma pa fayilo ya 40GB basi imathamanga kuposa 4G. Musungeko kope lina musanatumize, envulopu imatha kusochera.

Njira ina ndi kuchepetsa fayiloyo. Zochokera mu kamera zimakhala zonenepa mopanda chifukwa kwa munthu woonera pa foni. HandBrake ndi pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, mumaika vidiyo nkusankha 1080p kapena 720p, imatuluka yaing'ono kwambiri koma pa foni maso saona kusiyana kwenikweni. Zip siithandiza pa mavidiyo ndi nyimbo poti zinafinyidwa kale, koma 7-Zip imatha kudula fayilo mzidutswa za kukula komwe mukufuna, wolandirayo akhale nazo zonse mufoda imodzi kuti alumikize.

Pa kudawuniloda zinthu zikuluzikulu, kaya ndi Windows, kaya ma lecture, musadalire browser yokha. Kuno mvula ikayamba simudziwa kuti ikata liti, magetsi akathima netiweki nayo imayamba kutsimphina. Download manager imagawa fayilo mzigawo ndipo ikaduka imapitiriza. Pa laputopu ambiri amadziwa IDM (Internet Download Manager) koma ndi yolipira pakatha masiku 30, ndipo ma crack ake aja ndi khomo la vairasi, Free Download Manager imagwira ntchito yomweyo mwaulere. Pa foni pali 1DM ndi ADM. Kupitiriza kuja kumadaliranso komwe mukutenga fayiloyo, malo ena salola, ikaduka ndi kuyambira pa ziro basi. Ngati muli ndi bandulo ya usiku, ena mwa ma app amenewa ali ndi poika nthawi yoyambira ndi yosiyira, mumatchera nkukagona. Onetsetsani nthawi yosiyira, isapitirire mpaka mmawa nkuyamba kudya bandulo ya masana. Torrent, njira yomwe anthu amagawana zidutswa za fayilo pa intaneti, ndi yabwino pa zinthu ngati Ubuntu, mtundu wina wa Linux, chifukwa imaona yokha ngati chidutswa chaonongeka, koma ikamaliza muitseke, imapitiriza kutumizira ena pa data yanu.

Za chinkhoswe chija zinatha chonchi. Ndinaedita Lamlungu ndi Lolemba, ya banja ndinaika pa flash ya exFAT nditafunsa kaye TV yomwe ali nayo, nkukawapatsa pamanja ku Chibavi konko. Ya ku Joni ndinaifinya ndi HandBrake mpaka 1.7GB, nkuitumiza usiku pa WhatsApp ngati document kwa mwana wawo mmodzi, iyeyo azikagawira ena konko ndi Xender. Mayi aja anaimba foni kuthokoza, "yewo chomene achimwene," koma flash yanga ya 64GB mpaka lero sinabwere, akuti ili kwa ankhoswe ku Mchengautuwa.