Asilikali athu ku Congo: kuwatumiza kapena kukambirana?

Kuno ku Kasungu nkhani ya asilikali athu ku DRC imagawa anthu pawiri. Ena amati tiziwatumiza ndithu. Amakumbutsa za 2013, pomwe asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, pansi pa United Nations, adathandiza kugonjetsa zigawenga za M23. Amatinso nkhondo ikakula kum'mawa kwa Congo, othawa kwawo amafika ku Dzaleka, m'boma loyandikana nalo la Dowa, msasa womwe udadzaza kalekale.

Ena akuti mtengo wake wanyanya, bola kukambirana. United Nations imalipira dziko lotumiza asilikali, koma ulendo wa asilikali omwe bungwe la SADC lidatumiza ku Congo mu Disembala 2023 ndalama zake zimayenera kuchokera m'matumba a mayiko a SADC omwewo, kwathu kuno mafuta ndi ndalama zakunja zikusowa. Mu Januwale 2025 M23, yomwe idali itadzukanso, idalanda mzinda wa Goma, asilikali athu adafa pankhondoyo, ndipo mu Malichi SADC idathetsa ntchitoyo.

Ine ndili mbali ya achiwiriwa. Zokambirana zimachedwa, inde, koma zimandipweteka kuti ana a anthu adapita kunkhondo yotere opanda ndalama ndi zida zokwanira.